THANDIZO LA MAIKO A CHIKOMYUNIZIMU PA ULIMI WOTHIRIRA

(Nkhani yokambidwa pa Msonkhano wa Pachaka wa Bungwe ku Lifupa, pamaso pa Mafumu, Komiti ndi nthumwi za nthambi zonse. Yaikidwa m'Lipoti lino monga inakambidwira, kuti mamembala amene sanathe kufika aiwerenge okha.)



M'chaka chapitachi nthambi zitatu za Bungwe lino zinatumiza ku Komiti mau amodzimodzi, akuti Bungwe lilembe kalata ku Boma yopempha kuti Matchaina adzamange damu ndi kukumba ngalande pa limodzi la madambo a kum'mawa kwa nkhalango ino, kuti anthu azilima ndi chilimwe chomwe. Mauwo atawerengedwa, akulu ena anapukusa mitu, nati Matchaina a ku Beijing ndiwo Akomyunisiti, ndipo Mkomyunisiti akalowa m'munda mwa munthu mundawo usanduka wa Boma. Anyamata anaseka, nati zimenezo nzakale, madzi alibe chipani. Mbali zonse ziwiri zili ndi pogwira, koma zonse ziwiri zikukangana za malaya amene mlendo wavala, osayang'ana chimene chimatsala m'munda mlendoyo atanyamuka. Nkhani ino ilondola mapazi a thandizo lotere m'maiko amene linafikako, kuti zioneke ngalande zimene zikali kuyenda madzi ndi zimene zinamera nsenjere.

Chimene chautsa pempholi munthu wa ku Kasungu sachita kuuzidwa. Mvula ya chidikha chino imagwa miyezi inai, kuyambira December kufikira March, ndipo ikadula masabata atatu pamene chimanga chikumasula, nchito ya chaka chonse yapita. Amene anali ndi maso mu 2002 akumbukira m'mene anthu anadyera zitsa za nthochi, ndi m'mene matenanti a m'maesiteti a fodya anayendera m'misewu ndi ana kumsana kufunafuna ganyu. Mu 2024 ng'amba inabweranso, Boma nililengeza kuti maboma 23 mwa maboma 28 a dziko lino ali pa tsoka la njala. Pamene zili chotero, munthu akaima pano pa Lifupa m'mwezi wa October aona damu lokhala ndi madzi, mvuu zikusambiramo, koma kunja kwa malire a nkhalango minda ili gwa. Nkhalangoyi inatsekedwa mu 1922, anthu nasamutsidwa, ndipo mu 1970 inasanduka National Park. Mtsinje wa Dwangwa umene uyambira momwemo upita kukathirira nzimbe ku Nkhotakota. Tsono nchosadabwitsa kuti mtima wa mlimi umawawa.

Poyamba ndi bwino kudziwa chifukwa chimene maiko akutali anayambira kulimbirana kukumba ngalande mu Africa. Chikomyunizimu ndicho chiphunzitso chakuti nthaka ndi mafakitale zisakhale za munthu payekha koma za anthu onse pamodzi, ndipo wosunga zonsezo akhale Boma lolamulidwa ndi chipani chimodzi. Chiphunzitsochi chinatenga ufumu ku Russia mu 1917, ndi ku China mu 1949, pamene Mao Zedong anagonjetsa Chiang Kai-shek. Wogonjayo anathawira pa chilumba cha Taiwan, napitiriza kudzitcha Boma la China yense, ndipo mpando wa China ku United Nations unakhalabe m'manja mwake. Maiko a mu Africa atayamba kulandira ufulu wodzilamulira, lililonse linadza ndi voti imodzi ku bwalo limenelo. Chotero munda wa mpunga wolimidwa ndi alendo m'mbali mwa mtsinje wina wa mu Africa unali ndi nchito ziwiri: kudyetsa anthu, ndi kukopa dzanja la kazembe wa dzikolo kuti likwezedwe pa tsiku la voti ku New York.

Kuyambira December 1963 kufikira February 1964 nduna yaikulu ya China, Zhou Enlai, inayendera maiko khumi a mu Africa, ndipo pa ulendowo inalengeza mfundo zisanu ndi zitatu za thandizo la dziko lake. Mwa izo munali zakuti ngongole zidzakhala zopanda chiwongoladzanja kapena za chiwongoladzanja chochepa, kuti akatswiri a ku China adzakhala moyo wofanana ndi anzao a m'dziko lolandira thandizo, osafuna nyumba zapadera, ndiponso kuti adzaphunzitsa eni dziko kufikira atadziwa nchito yonse. Kwa anthu amene anazolowera kuona Bwana wa Malimidwe akufika pa galimoto, naloza ndi ndodo, nabwerera, mau amenewa anali okoma m'khutu.

Mauwo anafika kuno pa nthawi yoipa. Dziko lino linalandira ufulu pa 6 July 1964 lili losauka kotero kuti ndalama zoyendetsera Boma zinali kuonjezeredwa ndi Britain chaka ndi chaka. Pasanathe miyezi iwiri, nduna zinayamba kutsutsana ndi Dr. H. Kamuzu Banda pa zinthu zingapo: tiki imene odwala anauzidwa kulipira m'zipatala, malipiro a anthu a m'Boma, kuchedwa kwa kupereka maudindo kwa eni dziko, chibwenzi ndi Apwitikizi a ku Mozambique, ndi nkhani ya China. Pa 7 September Dr. Banda anachotsa Kanyama Chiume, Orton Chirwa, Augustine Bwanausi ndi mai Rose Chibambo, ndipo Yatuta Chisiza, Willie Chokani ndi Masauko Chipembere anatula pansi maudindo ao. M'Nyumba ya Malamulo ku Zomba Dr. Banda anaulula kuti kazembe wa China wokhala ku Dar es Salaam analonjeza mapaundi 6 miliyoni, pambuyo pake nakweza kufika 18 miliyoni, ngati Malawi avomereza Boma la Peking, monga mzinda wa Beijing unali kulembedwa masiku amenewo. Iye anati chimenecho nchiphuphu, ndipo sadzagulitsa dziko. Ndunazo zinati dziko losauka silikankha mbale ya nsima chifukwa cha dzina la wophika. Ndalamazo sizinafike, ndipo palibe ngalande ngakhale imodzi inakumbidwa nazo; chimene chinatsala ndicho mabanja othawira ku Tanzania ndi ku Zambia, ndi mantha amene anakhala m'dziko zaka makumi atatu, akuti munthu wongotchula Peking ndiye chigawenga. Akulu amene anapukusa mitu ku Komiti aja anakulira m'mantha amenewo, ndipo sayenera kusekedwa.

Koma Matchaina anafikabe, ochokera ku Taiwan. Boma la kumeneko linali litayamba kale mu 1961 kutumiza alimi ake ku maiko a mu Africa, ndi thandizo la ndalama za America, ndipo Malawi anamanga nalo ubale wa ukazembe mu 1966. Mu October 1971, pamene United Nations inapereka mpando uja kwa Beijing, Malawi anali mmodzi wa maiko 35 amene anakana. Kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1960 masikimu a mpunga anatsegulidwa m'mbali mwa nyanja ndi m'zigwa: Hara, Wovwe ndi Lufilya ku Karonga, Limphasa ku Nkhata Bay, Bua ku Nkhotakota, Domasi ndi Likangala kufupi ndi Nyanja ya Chilwa, Muona ku Nsanje, ndi ena. Ndalama zinachokera kosiyanasiyana, ku Britain ndi kwina, koma m'malo ambiri amene anaima m'matope ndi kuonetsa anthu kuokera mpunga m'mizere ndi kukolola kawiri pa chaka anali alangizi a ku Taiwan.

Apa pali chinthu chimene mamembala ayenera kuchisinkhasinkha. Boma limene linakana Chikomyunizimu ndi mau amphamvu chotere linayendetsa masikimu amenewa mwa njira imene Mkomyunisiti akanaizindikira msanga. Malo anachotsedwa m'manja mwa mafumu nasanduka a Boma. Mlimi anapatsidwa puloti yobwereka, imene akanalandidwa akapanda kumvera. Tsiku lofesa, mtundu wa mbeu ndi nthawi yotsegula madzi zinali kunenedwa ndi ofesi. Mpunga unali kugulitsidwa ku ADMARC pa mtengo wa Boma. Ndipo a Malawi Young Pioneers anakhazikidwa m'masikimu ambiri kuti asunge mwambo. Ngalande zinali zosesedwa ndithu, pakuti wosasesa anadziwa chimene chidzamuonekera. Koma a Pioneer atabalalitsidwa ndi asilikali mu December 1993, ndipo ndalama za Boma zitachepa, ngalande zambiri zinagumuka, zitseko za madzi zinachita dzimbiri, ndipo alimi anayang'anana, aliyense nayesa kuti wokonza adzachokera ku Lilongwe. Panapita zaka zambiri ndi ndalama zina za alendo kuti masikimuwo akonzedwenso ndi kuperekedwa ku mabungwe a alimi ogwiritsa nchito madzi. Munda wa mlimi unatengedwa kuno popanda Mkomyunisiti ndi mmodzi yemwe.

Tsono nkhani itembenukire ku maiko amene anavomera chimene Malawi anakana.

Nchito yaikulu koposa zonse inali ya ku Egypt. America itabweza lonjezo lake la ndalama mu July 1956, Gamal Abdel Nasser anatembenukira ku Soviet Union, imene inapereka ngongole, makina ndi mainjiniya omangira damu la Aswan pa mtsinje wa Nile. Nchito inayamba mu 1960 nitha mu 1970, ndipo khomalo nlotalika mamita 111 kupita m'mwamba. Kunena zoona, damu limeneli linachita zimene linamangidwira: minda yokolola kamodzi inayamba kukolola kawiri kapena katatu, midzi inalandira magetsi, ndipo pa chilala cha zaka za m'ma 1980, pamene anthu anali kufa ku Ethiopia, alimi a ku Egypt anathirirabe. Mtengo wake unagwera anthu a mtundu wa Nubia, okwana ngati 100,000, amene midzi ndi manda ao zinamira, ndiponso nthaka ya kumunsi, imene inaleka kulandira matope a chonde amene mtsinje unali kubwera nao chaka ndi chaka, kotero kuti mlimi anayamba kugula feteleza. Damulo likugwirabe nchito ngakhale Soviet Union inatha mu 1991, chifukwa Aigupto anali odziwa kuthirira kuyambira masiku a Farao, ndipo anali ndi mainjiniya aoao olandira makiyi.

Pafupi ndi kuno, ku Tanzania, Matchaina a ku Beijing anachita zazikulu ziwiri. Yodziwika ndiyo njanji ya TAZARA, ya makilomita 1,860 kuchokera ku Dar es Salaam kufika ku Kapiri Mposhi m'Zambia, yomangidwa pakati pa 1970 ndi 1975 pa ngongole yopanda chiwongoladzanja. Yosadziwika kwambiri, koma yoyenera nkhani ino, ndiyo famu ya mpunga ya Mbarali m'chigwa cha Usangu, m'dera la Mbeya, kumpoto kwa Karonga. Inamangidwa m'zaka za m'ma 1970 niperekedwa mu 1977, ili ndi mahekitala oposa 3,000 othiriridwa, chigayo cha mpunga ndi magetsi akeake ochokera ku madzi. Pa zaka zoyamba inali chonyadira cha dziko, ndipo mpunga wake unadyetsa anthu ambiri a m'matauni. Alendowo anasungadi mau a Zhou Enlai: anagwira khasu pamodzi ndi eni dziko, nagona m'nyumba wamba. Koma famuyo inali ya kampani ya Boma. Wolima anali wa tikiti, wolandira malipiro ake mpunga ubereke kapena usabereke. Thirakitala ikathyoka, chitsulo chake chinali kuitanidwa kutsidya kwa nyanja ndi ndalama zakunja zimene Boma linalibe. Ndipo mtengo wa mpunga unali kuikidwa ndi Boma lomwelo, lofuna kuti a m'tauni adye motchipa. Zokolola zinatsika pang'onopang'ono, ndipo mu 2006 famuyo inagulitsidwa kwa anthu a malonda.

Chodabwitsa nchakuti mpunga sunathe ku Usangu. Alimi wamba a m'midzi yozungulira anaonera, naphunzira, napatula timifuleni tao ku mitsinje yomweyo, ndipo minda yao ing'onoing'ono inachuluka koposa famu ya Boma. Chimene chinatsala ndicho nzeru imene inalowa m'manja mwa anthu. Koma nacho chinabala mlandu wina umene anthu okhala m'mphepete mwa nkhalango ayenera kuumva. Madzi opatulidwa kumtunda atachuluka, mtsinje wa Great Ruaha, umene umwetsa nyama za m'Ruaha National Park ndi kuyendetsa makina a magetsi kumunsi, unayamba kuphwa m'chilimwe kuyambira 1993, ndipo Boma linadza ndi dzanja lolemera, nilisamutsa oweta ng'ombe ndi kukuza malire a nkhalango. Wothirira kumtunda ali ndi mnansi kumunsi, angakhale sanamuonepo nkhope.

Ku Mozambique zinthu zinapita patali koposa. Chipani cha Frelimo chinalengeza mu February 1977 kuti chatsata chiphunzitso cha Marx ndi Lenin, ndipo minda imene Apwitikizi anasiya inasonkhanitsidwa kukhala mafamu akuluakulu a Boma. Ku Chókwè, m'chigwa cha Limpopo, kunali famu yothirira yotchedwa CAIL. Ku Angónia, kuseri kwa Dedza ndi Ntcheu, kumene anthu amalankhula chinenero chomwechi, kunali CAIA. Mathirakitala ndi makina okololera anadza ochuluka kuchokera ku East Germany, ku Soviet Union ndi maiko anzao, ndipo pafupifupi ndalama zonse za ulimi zinathiridwa m'mafamu amenewa, pamene mlimi wa khasu, amene anali kudyetsa dziko, anasowa pogula khasulo, mchere ndi nsalu. Makina opangidwira minda youma ya ku Ulaya anatitimira m'matope a Limpopo, ndipo panali zaka zimene anthu a m'tauni anatengedwa kukamweta mpunga ndi zikwakwa makina ali chiimire. Pa msonkhano wake waukulu wa mu April 1983 Frelimo inavomera poyera kuti inalakwa ponyalanyaza mabanja olima paokha, ndipo minda ina ya ku Chókwè inagawidwa kwa anthu.

Si chilungamo kunena kuti zonse zinafa ndi kulakwa kwa mapulani. Nkhondo ya Renamo, yothandizidwa ndi Rhodesia ndipo pambuyo pake South Africa, inasakaza zabwino ndi zoipa pamodzi. Ku Unango, m'chigawo cha Niassa, kumene East Germany inali kutsegula famu yaikulu, alangizi ake asanu ndi atatu anaphedwa pa chiwembu cha pa 6 December 1984 ali pa ulendo wopita ku munda, pamodzi ndi anzao a ku Mozambique, ndipo nchitoyo inathera pomwepo. Anthu amenewo anasiya kwao nadzafera m'dziko la eni chifukwa cha chimanga, ndipo ayenera ulemu. Koma ngakhale nkhondo isanafike, alimi a ku Angónia anali kudandaula kale kuti minda imene anayembekeza kubwezeredwa Apwitikizi atachoka yatengedwa ndi famu ya Boma. Ambiri a iwo ndiwo anadzakhala m'misasa ya othawa nkhondo kuno, pamene dziko lino linasunga anthu a ku Mozambique oposa miliyoni imodzi.

Nanga ku China kwenikweniko? Kumeneko kuli zitsanzo ziwiri zoyang'anizana. M'boma la Lin, m'chigawo cha Henan, anthu a m'midzi anasema ngalande m'mapiri a miyala ndi nyundo ndi zingwe kuyambira 1960 kufikira 1969, natenga madzi a mtsinje wa Zhang kupita nao ku minda yao youma. Ngalande yaikulu yokha ndi ya makilomita 70, ndipo anthu 81 anafera pa nchitoyo. Imatchedwa Red Flag Canal, ndipo ikali kuyenda madzi, pakuti ana a amene anaikumba sangailole kugumuka. Koma zaka zomwezo za 1959 kufikira 1961, pamene minda yonse inaphatikizidwa ndi anthu nadyera m'khitchini imodzi, kunagwa njala imene inapha anthu mamiliyoni makumi angapo. Mu 1978 mabanja 18 a m'mudzi wa Xiaogang anapangana mobisa kugawana munda wa gulu, banja lililonse ndi gawo lake; zokolola zinachuluka kotero kuti Boma, m'malo mowalanga, linafalitsa njira yao m'dziko lonse, ndipo pofika pakati pa zaka za m'ma 1980 minda ya gulu inali itatha. Chotero munda wa gulu umene akulu akuuopa, eni ake anautaya kale zaka makumi anai zapitazo.

Nchifukwa chake Matchaina amene anafika kuno pambuyo pa 28 December 2007, tsiku limene Boma la Dr. Bingu wa Mutharika linamanga ubale ndi Beijing ndi kusiya Taiwan, sali ofanana ndi a nthawi ya Mao. Chipani cholamula kwao nchomwecho, koma kachitidwe nka malonda. Zimene anamanga zioneka ndi maso: Nyumba ya Malamulo ku Lilongwe, mseu wa Karonga ndi Chitipa, sukulu ya ukachenjede ya ku Ndata m'boma la Thyolo, ndi bwalo la masewera lotsegulidwa mu 2017. Zina mwa izi zinali mphatso, zina ngongole yoti ibwezedwe. Pa ulimi, China inalonjeza pa msonkhano wa ku Beijing wa 2006 kumanga malo oonetsera ulimi m'maiko a mu Africa, ndipo a dziko lino ali ku Salima. Malo otere amaperekedwa kwa kampani ya ku China kuti iwayendetse ndi kupezapo phindu, poganiza kuti chimene chili ndi mwini wofuna phindu sichifa msanga monga Mbarali. Ku Chipata ndi ku Balaka makampani ao amagula thonje, ndipo ku Zimbabwe, kuyambira 2005, amabwereketsa alimi a fodya zipangizo ndi kudula ngongoleyo pogula. Mlimi wa ku Kasungu adziwa bwino mgwirizano wa mtundu umenewo, kukoma kwake pa nthawi yobzala ndi kuwawa kwake pa nthawi yogulitsa. Alangizi a ku Taiwan, amene anakhala kuno zaka zoposa makumi anai, analongedza katundu wao m'masabata owerengeka kumayambiriro kwa 2008, minda yao yoonetsera nitsala yokha. Mlendo ndi mame, anatero akale, ndipo mame a mbali zonse ziwiri amakamuka chimodzimodzi.

M'boma lino muli kale kanthu kakang'ono kochokera ku Beijing kamene mamembala ambiri sanakaone. China Agricultural University inayamba mu 2019 kuphunzitsa achinyamata a mu Africa mwa kuwakhazika m'midzi ya alimi a m'boma la Quzhou, ndipo mu 2023 ena a ku Malawi anabwerera nadzatsegula malo otere ku Lisasadzi. Kumeneko kulibe damu kapena thirakitala zambiri. Kuli wophunzira wokhala pafupi ndi alimi, woyesa nao mbeu, katalikiridwe ka mapando ndi kathiridwe ka feteleza pa chimanga ndi soya m'minda yao yomwe. Nkanthu kochepa, kosayenera chithunzi cha pa nyuzi, koma kali pafupi ndi chimene chinapulumuka ku Usangu.

Tsono pempho la nthambi zitatu lija liyesedwe ndi zimenezi. Chidikha cha Kasungu si chigwa cha Limpopo kapena cha Bua wa kunyanja. Mitsinje yake yambiri imaphwa kapena kutsala maiwe pofika September, nthaka yake njamchenga yomwa madzi msanga, ndipo malo ake ngoyalana kotero kuti damu limatenga dera lalikulu koma losaya, dzuwa nilimwa gawo lalikulu la madziwo. Sikimu ya mpunga ya mahekitala mazana ambiri siyenera kuno, ndipo woipempha adzadikira kufikira imvi. Chimene chiyenera ndicho madamu ang'onoang'ono a dothi pa mitu ya madambo, zitsime zosaya, ndi mapampu oyendera dzuwa kapena opalasa ndi miyendo, zothirira mahekitala asanu kapena khumi a chimanga chachiwisi, nyemba, anyezi ndi tomato. Ndipo anthu a kuno si alendo pa kuthirira monga ena amanenera. Mlimi aliyense wa fodya amasunga nazale yamoyo m'miyezi yotentha koposa ya chaka, kutunga ndi kheni m'mawa ndi madzulo osaphonya tsiku, ndipo amai a m'madimba akhala akudyetsa misika ya pa Boma, pa Chinkhoma ndi pa Chamama kuyambira kale. Luso lilipo, chosowa ndicho madzi okhalitsa kufikira November.

Koma madamu otere anamangidwapo kale ambiri, m'nthawi ya Atsamunda ndi m'maesiteti, ndipo ochuluka a iwo lero ndi mabwalo a mchenga omera bango. Ngakhale damu la Chitete, limene limwetsa tauni ya Kasungu, lavutika ndi matope ochokera m'minda ya kumtunda kwake. Damu limafa ndi zinthu zazing'ono: mitengo yodulidwa kumtunda kukamangira zigafa ndi kuchizira fodya, mizere yolimidwa kufikira m'mphepete mwa madzi, ng'ombe zoponda khoma, chiswe, ndi potayira madzi osefukira pamene pakokoloka osakonzedwa. Palibe kazembe wa dziko lililonse amene adzabwera kudzatseka una wa chiswe pa khoma la damu la ku Linyangwa.

Chifukwa chake, kalata isanalembedwe, Komiti iyenera kukhala pansi ndi Mafumu ndi kumanga mfundo zingapo zimene mlendo sangamangire eni mudzi. Choyamba ndicho malo. Dambo limene likunenedwalo lili ndi eni, pali madimba a mabanja ndi podyetsa ng'ombe, ndipo lamulo la malo a makolo la 2016 lilola kuti malo a makolo alembetsedwe m'dzina la banja kapena la gulu. Alembetsedwe madzi asanafike, pakuti dambo lopanda madzi lilibe mlandu, koma likakhala ndi madzi a chilimwe abale ake amachuluka, ena ochokera m'tauni ndi mapepala m'manja. Amai amasiye ndi ana a matenanti akale, amene akhala m'midzi ino zaka zambiri opanda munda waowao, atchulidwe maina pa kagawidweko, chifukwa ndiwo amayamba kugwa njala ikadza. Kenaka pali thumba la zokonzera. Aliyense wolandira puloti azisonkha pa kukolola kulikonse, ndalamazo zisungidwe ku banki ndi osayinira atatu, ndipo pampu iliyonse imene idzaperekedwa ikhale ya mtundu umene zitsulo zake zipezeka m'sitolo za pa Kasungu kapena ku Lilongwe, ndi anyamata awiri a m'mudzi momwemo aphunzitsidwe kuimasula ndi kuimanganso mlendo akali pompo. Ngati thandizolo ndi ngongole, kapena lidza ndi pangano lakuti zokolola zigulitsidwe kwa kampani imodzi, panganolo liwerengedwe m'Chichewa pa bwalo, mtengo ndi kadulidwe ka ngongole zimveke, chala chisanadindidwe.

Pali zinanso ziwiri zimene anthu a ku Domasi kapena ku Hara sanavutike nazo. Mu 2022 njovu 263 zinatengedwa ku Liwonde kudzaikidwa m'nkhalango ino, ndipo midzi ya m'malire, ya kuno ndi ya ku Zambia, yalira maliro ndi kutaya mbeu chifukwa cha izo. Munda wobiriwira m'mwezi wa October, pamene tchire lonse lauma, udzaitana njovu usiku woyamba. Chotero dambo losankhidwa likhale kumene mpanda wa magetsi unafika kale ndipo ukugwira nchito, ndipo a Nthambi ya Nkhalango ndi Nyama akhale nao pa zokambirana kuyambira pachiyambi. Chinanso, lamulo la madzi la 2013 lifuna kuti wotseka mtsinje kapena wopatula madzi ochuluka atenge chilolezo ku bungwe la Boma loyang'anira madzi, ndipo midzi ya kumunsi kwa dambolo ili ndi ufulu wokana.

Kalata yokha iyenera kupita kwa Bwanamkubwa wa boma kudzera ku komiti za chitukuko za m'dera, pakuti thandizo la maiko akunja limadzera ku Boma, ndipo Bungwe silingalembere kazembe palokha. Isatchule dziko limene lidzapereke, koma itchule dzina la dambo, kukula kwake, chiwerengero cha mabanja, mwezi umene madzi amaphwa, ndi ndalama zimene zili kale m'thumba la zokonzera. Nthambi zitatu zija zingayambe mwezi uno kuyesa kuya kwa madzi m'zitsime za m'dambomo sabata ndi sabata, ndi kulemba m'buku, kufikira mvula yoyamba itagwa.